Akazi Amasiye Amene Analumphidwa mu Yerusalemu

MPINGO Wachikristu wa mu Yerusalemu unali udakali wakhanda pamene dandaulo linabuka. Chakudya chinali kugaŵidwa tsiku ndi tsiku kwa osoŵa, koma akazi amasiye olankhula Chigiriki anali kulumphidwa. (Machitidwe 6:1) Luka sakunena kuti zimenezi zinachitidwa mwadala. Mwinamwake ogaŵawo anangofika pamakomo amene anawazoloŵera. Komabe, kwa mkazi wopanda mwamuna ndi wopanda munda, kulumphidwa tsiku limodzi kunatanthauza kugona ndi njala.

2 Atumwi sanakalipire odandaulawo. Iwo anasonkhanitsa ophunzira nawapempha kusankha amuna 7 a mbiri yabwino kuti asamalire ntchitoyo. Nkosangalatsa kuti onse 7, kuphatikizapo Stefano ndi Filipo, anali ndi maina Achigiriki, ndipo Nikolao wa ku Antiokeya sanali Myuda wobadwa. (Machitidwe 6:2-6) Mwachionekere, ntchitoyo inaikizidwa kwa amuna amene akaziwo akanatha kuwauza mavuto awo m'chinenero chawochawo.

3 Pambuyo pake, Paulo analembera Timoteo ku Efeso ponena za mpambo wa akazi amasiye oyenera chithandizo cha mpingo. Wolembedwapo anayenera kukhala wa zaka zosachepera 60 ndi wodziŵika ndi ntchito zabwino, ndipo thayo loyamba linali la ana ndi adzukulu. (1 Timoteo 5:4, 9, 10, 16) Ena amaona malamuloŵa kukhala okhwima. Koma thumba la mpingo linali laling'ono, ndipo linayenera kufikira awo amene analibiretu wowasamalira.

4 Lerolino, kaŵirikaŵiri achibale enieniwo ndiwo amasautsa wamasiye. Maliro atangotha, abale a mwamuna angatenge nyumba, mbuzi, ngakhale mapoto, akumsiya ndi ana okha. Zambia inakhazikitsa lamulo mu 1989 lopatsa wamasiye 20 peresenti ndi ana 50 peresenti ya chuma cha womwalira wosasiya wilo, ndipo lamulo la Malaŵi la 2011 limayesa kulanda chuma chamasiye kukhala mlandu. Chikhalirechobe, mkazi wowopa kunenedwa kuti analodza mwamuna wake sangapite yekha kukadandaula.

5 Chotero akulu ozindikira samayembekezera kuti iye ayambe wapempha. Amamchezera limodzi ndi mlongo wachikulire amene angamasuke naye, makamaka ngati wamasiyeyo ali wothaŵa kwawo wosadziŵa bwino chinenero cha kumaloko. Amafunsa ngati m'nkhokwe muli chimanga chofikira pokolola. Wina angamperekeze ku ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye, pamene achichepere akufolera denga lake mvula isanagwe.

1. Kodi ndani amene analumphidwa mu Yerusalemu?
2. Kodi nchifukwa ninji maina a amuna 7 aja ali ofunika?
3. Kodi Paulo anaika thayo loyamba pa yani?
4, 5. Kodi akulu angathandize motani wamasiye wolandidwa chuma?