Kukawotcha pokodza, musathamangire makapisozi otsala

M'nyumba zambiri muli kathumba ka mankhwala otsala: mapiritsi angapo a bakitirimu, makapisozi a amokisilini amene mwana sanamalize. Mayi akayamba kumva kuwotcha pokodza, kapena kukodza pafupipafupi koma mkodzo ukungodontha, dzanja limapita m'kathumbamo. Chonde, lisamapitemo.

Nthenda ya m'chikhodzodzo nthawi zambiri imayamba ndi bakiteriya wotchedwa E. coli. Ameneyu amakhala m'matumbo mwa aliyense osavutitsa, koma akasochera n'kulowa m'njira ya mkodzo amasanduka mdani. Amayi ndiwo amadwala kwambiri chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, komanso ili pafupi ndi potulukira chimbudzi. E. coli wodwalitsayu ali ndi tiubweya timene amakakamira nato kukhoma la chikhodzodzo kuti mkodzo usamukokolole. Ena amaloweratu m'kati mwa khomalo n'kubisala. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nthenda imaoneka ngati yatha, kenaka n'kuyambiranso patapita milungu.

Mukamwa makapisozi awiri atatu, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Tina taphunzira kutulutsa zinthu zophwanya mankhwalawo asanagwire ntchito, ndipo luso limeneli timapatsirana tokhatokha. Zimenezi zikuchitika kwathu kuno. Ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti mwa E. coli wopezeka m'magazi a odwala, wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anachoka pa 0.7 peresenti mu 2003 kufika pa 30.3 peresenti mu 2016. Ceftriaxone ndi jakisoni amene madokotala amadalira munthu akadwalika. Akalephera ameneyu, otsala ndi odula komanso osowa. Bakitirimu ndi amokisilini, E. coli wambiri anasiya kale kuwamva. Amene amamwa bakitirimu tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV asasiye, amawateteza ku matenda ena. Koma asayese kuti awachiritsa chikhodzodzo.

Ndiye mutani? Tsiku loyamba imwani madzi ambiri, ndipo ngati pachinena pakuwawa imwani panado. Kuwotchako kukapitirira mpaka mawa lake, pitani kuchipatala ndi buku lanu la kuchipatala. Auzeni azachipatala mankhwala onse opha tizilombo amene mwamwa miyezi yapitayi, ngakhale ogula pagolosale. Musabise poopa kukalipiridwa. Iwo akadziwa zimene munamwa kale, amasankha bwino zoti akupatseni.

Akakupatsani kabotolo, sambani m'manja, yambani kukodza pang'ono m'chimbudzi, kenaka tengani mkodzo wapakati, ndipo muupereke msanga. Mkodzo woyambirira umatenga tizilombo tapakhungu n'kusokoneza zotsatira. Kumene kuli labotale yotha kumeretsa tizilombo, zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu, koma zimatchula mankhwala enieni amene tizilomboto tikuwamva.

Mankhwala amene mwapatsidwa imwani pa nthawi yake, masiku onse amene mwauzidwa, osagawira wina. Ngati ndi nitrofurantoin, imwani mutadya, ndipo musadabwe mkodzo ukada pang'ono. Pakatha masiku awiri osasintha, bwererani. Mwina tizilomboto sitikumva mankhwalawo.

Pali zizindikiro zosafuna kudikira: kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza, kupweteka m'mbali mwa msana pansi pa nthiti. Apa mwina tizilombo tafika ku impso, ndipo kuchokera kumeneko tingalowe m'magazi. Ambiri amaganiza kuti ndi malungo n'kumwa LA. Akakuyezani malungo n'kupeza kuti mulibe, nenani za vuto la pokodza. Mayi woyembekezera asadikire ngakhale tsiku limodzi, chifukwa nthendayi ingachititse kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Nchifukwa chake mkodzo ndi woyenera kuyezedwa kusikelo ngakhale mayi asakumva kuwawa. Enanso osayenera kudikira ndi khanda lotentha thupi popanda chifukwa chooneka, bambo aliyense, wodwala shuga, munthu amene anamuika paipi yokodzera, ndi agogo amene angoyamba kubalalika maganizo mwadzidzidzi.

Si kuwotcha kulikonse kumene kuli kwa E. coli. Ngati pakutuluka mafinya kapena ukazi wachilendo, chingakhale chinzonono kapena nthenda ina yopatsirana pogonana, ndipo wodwalayo ndi amene amagonana naye onse awiri ayenera kulandira mankhwala. Mwana amene amasambira kunyanja kapena kudambo akamakodza magazi, makamaka kumapeto kwa mkodzo, ganizani za likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel. Makapisozi sangathandize kanthu.

Kupewa n'kosavuta kwenikweni, ngakhale kumafuna chizolowezi. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018, amayi amene ankadwala kawirikawiri atawonjezera lita imodzi ndi theka ya madzi patsiku, kudwala kwawo kunatsika pafupifupi ndi theka. Ndimamva chisoni ndi amayi a pamsika ndi atsikana a pasukulu amene amadzimana madzi tsiku lonse chifukwa chimbudzi n'chauve kapena n'cholipira. Kusunga mkodzo kumapatsa tizilombo mpata woswana. Kodzani mukangomva kutero, komanso mukatha kukhala malo amodzi. Mukachoka kuchimbudzi, pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo ana aakazi aphunzitseni zimenezi adakali aang'ono. Kumaliseche sambani kunja kokha ndi madzi oyera. Sopo wonunkhira, zitsamba ndi zina zoika m'kati zimapha tizilombo tabwino timene timatchingira toipa.

Nthendayi ikabwera kawiri pa miyezi 6, kapena katatu pa chaka, pemphani kuti mkodzo ukameretsedwe ku labotale musanayambe mankhwala ena, ndipo akuyezeninso shuga.