Phunziro la Chingerezi: "A" ndi "An" Potchula Zaka za Munthu

Akatekisiti ndi akhristu a ku Area 9 ndi madera ena a mu Lilongwe kawirikawiri amalemba makalata a umboni m'Chingerezi, opita ku sukulu kapena ku maofesi a Boma ku Capital Hill. M'makalata otere zaka za munthu sizisowa, ndipo pomwepo timawu tiwiri, "a" ndi "an", timapunthwitsa ambiri, pakuti m'Chichewa mulibe mawu ofanana nato.

Lamulo lake ndi limodzi: khutu ndilo liweruza, osati diso. Mawu otsatira akamveka kuyamba ndi lembo la liwu, palembedwa "an". Akamveka kuyamba ndi lembo lopanda liwu, palembedwa "a". Tsono nambala sionetsa lembo, kotero wolemba ayenera kuitchula mokweza m'Chingerezi asanaike cholembera papepala.

Kuyambira 1 kufikira 99, nambala zofuna "an" ndi izi zokha: 8, 11, 18, ndi zonse za kuyambira 80 kufikira 89, chifukwa "eight", "eleven", "eighteen" ndi "eighty" ziyamba ndi lembo la liwu. Motero kulembedwa "an 8-year-old boy", "an 85-year-old widow", koma "a 7-year-old boy", "a 60-year-old man". Nambala yonyenga ndi 1: "one" ilembedwa ndi o, koma imveka ngati "wani". Nchifukwa chake anena "a one-year-old child".

Wolemba akumbukirenso kuti pa mawu olumikizidwa ndi timizere, "year" satenga s. Koma ponena kuti "She is 18 years old", s abwerera, ndipo "a" kapena "an" safunika konse.

Wina angayese kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Si choncho. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Kalata ya ukwati ikati "an 17-year-old girl", woiwerenga akhoza kukayika: kodi ndi 17, kapena wolemba adafuna 18? Kulemba molongosoka kuchotsa chikayiko chotere.

Zoyeserera: pafunika "a" kapena "an" patsogolo pa 6-year-old, 11-year-old, 45-year-old ndi 83-year-old? Mayankho ake motsatana ndi awa: a, an, a, an.