Kulankhulana pa wailesi m'misewu ya m'minda ya tiyi ku Limbuli

Misewu ya m'maesiteti ozungulira Limbuli ndi yopapatiza komanso yokhotakhota. Thirakitala ya masamba a tiyi ikukwera, lole ya zipika za bulugamu zosonkhezera moto kufakitale ikutsika, ndipo chiperoni chikagwa madalaivala awiriwa amaonana atatsala pang'ono kuwombana. Wailesi yam'manja imathandiza pokhapokha onse akamalankhula mofanana.

Yambani ndi tchanelo. Msewu uliwonse ukhale ndi chake chimodzi, ndipo nambala yake ilembedwe pachikwangwani pomwe msewuwo ukupatuka pa M2 yopita ku Muloza. Chilolezo cha mafunde a wailesi chimachokera ku MACRA.

Kenako zikani zikwangwani za makilomita, kuyambira 0 pamphambano. Kumene manambala akukula tizikutcha "kukwera", kumene akuchepa "kutsika", ngakhale msewu utadutsa m'dambo. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Dalaivala akamati "ndili pamtengo wa mango paja", mlendo wa lole yahayala sadziwa kuti ndi pati.

Polankhula, dinani batani, dikirani kamphindi kuti mawu oyamba asaduke, ndiye tchulani zinayi motsatana: msewu, kilomita, kolowera, galimoto. "Wa kufakitale, 4, ndikutsika, lole yodzaza." Basi. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, misewu ya m'nkhalango ili ndi matchanelo akeake, RR-1 mpaka RR-35, ndipo kaitanidwe kake n'kofanana ndi kameneka. Za Bullets ndi Wanderers mukakambirane kumsika, chifukwa wina akagwira batani, anzake onse satha kulankhula.

Mukamva kuti wolemedwa akutsika, inu wopanda katundu patukani pamalo otambasuka, imani, nenani: "Ndaima pa 3, dutsani." Mabuleki a lole yodzaza sagwira msanga pamatope.

Musananyamuke m'mawa itanani ku ofesi kuti mutsimikize kuti mukumveka, ndipo batire likhale lodzaza. M'dzinja, mukapeza mlatho wokokoloka kapena dothi litagumuka, monga zinachitikira malo ambiri ku Mulanje nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, lengezani kilomita yake kawiri.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu opanda wailesi: ana asukulu, amayi otchola tiyi, akabaza osenza matumba a chimanga. Wailesi ikakhala chete sindiye kuti msewu uli pululu. Pakona iliyonse chepetsani liwiro, gwirani kumanzere, yatsani magetsi, imbani hutala.