Chifukwa Chake Malungo Amabwereza: Kachilombo Kosintha Zovala

Mwana akadwala chikuku n'kuchira, nthendayo simubwereranso. Malungo satero. M'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Bua ndi m'madambo a kwa Mkanda, mwana amatha kugonekedwa m'chipatala kangapo m'dzinja limodzi, mpaka makolo kuyamba kukayikira mankhwala kapena kuganiza kuti pali dzanja la munthu. Yankho lili m'khalidwe la kachilombo ka malungo komweko.

Malungo ambiri m'Malawi amayamba ndi kachilombo kotchedwa Plasmodium falciparum. Udzudzu ukakalavulira m'thupi, kamayamba kakhala m'chiwindi, kenaka kamalowa m'maselo ofiira a magazi, momwe kamaswana pa maola 48 aliwonse. Mdani wake wamkulu ndi kapamba, amene amasefa magazi n'kuchotsa maselo owonongeka. Pomuzemba, kachilomboka kamavala selo lomwe kalimo ndi zomata zotchedwa PfEMP1, kuti likakamire kumakoma a timitsempha lisanafike kwa kapamba.

Zomatazo zili ngati malaya a mbala. Asilikali a m'thupi akawaona kwa masiku angapo amawazindikira, n'kuyamba kugwira aliyense wowavala. Koma m'chaka cha 1995 akatswiri anapeza kuti kachilomboka kali ndi malangizo ambiri osokera malaya osiyanasiyana, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti alipo pafupifupi 60. Malangizowa, amene asayansi amawatcha majini a var, sagwira ntchito onse pamodzi. Kachilombo kamatsegula amodzi okha, enawo n'kuwatseka.

Katsekedwe kake ndiko phunziro lotchedwa epigenetics. Malangizo a chamoyo chilichonse analembedwa pa DNA, yomwe ili ngati ulusi wautali wokulungidwa patimitengo. Pamene ulusi wakulungidwa mothina sipawerengeka; pamene wamasuka pamawerengeka. Kachilombo sikafufuta kapena kulembanso malangizo ake. Kamangomanga ena zolimba, n'kumasula amodzi. Tikamaswana, tizilombo tochepa timamanga akale n'kumasula ena. Asilikali akamatha ovala malaya akale, ovala atsopano amakhala atachuluka kale, ndipo thupi limayambiranso kuphunzira.

Kuwonjezera apo, mtundu uliwonse wa kachilomboka uli ndi mpukutu wakewake wa malaya. Mchinji ndi boma la pamalire. Anthu amadutsa pachipata cha Mwami tsiku ndi tsiku kupita ndi kuchokera ku Chipata, ndipo tizilombo timayenda nawo m'magazi. Munthu wamkulu wakumana ndi malaya ambiri pazaka zake, n'chifukwa chake nthawi zambiri samadwala modetsa nkhawa. Mwana wosafika zaka zisanu sanaonepo ambiri a iwo.

Malaya ena ndi oopsa kuposa anzake. Ena amamatiza maselo m'timitsempha ta mu ubongo, mwana n'kuyamba kukomoka. Malungo otere afufuzidwa kwa zaka zambiri pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ndi anzawo anakonza njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa ana, yomwe inafalitsidwa m'chaka cha 1989 ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. M'chaka cha 2015 kafukufuku wa komweko anaonetsa kuti ambiri mwa ana omwalira ndi malungowa amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Palinso malaya otchedwa VAR2CSA, amene amamatira munsengwa mwa mayi woyembekezera. Mayi wa pathupi poyamba sanakumanepo nawo, ngakhale anakulira m'dera la malungo. Zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi ndi kubereka mwana wochepa sikelo, nthawi zina mayiyo osamva kudwala konse. Ichi ndicho chifukwa amayi amalandira Fansidar kusikelo ngakhale akuoneka athanzi.

Njira yomweyi yomanga ndi kumasula ndiyo imalamulira nthawi imene tizilombo tina timasanduka mbewu yoti udzudzu utenge. Munthu wamkulu wongomva litsipa pang'ono angathe kupatsira mwana wake mbewuyo kudzera mu udzudzu wa m'nyumba momwemo.

Phunziro lake ndi lakuti thupi lokha silingapirikitse mdani wosintha chonchi, ndipo njira yabwino ndi kumutchinga asanavale. Neti yonyikidwa m'mankhwala imamuletsa kulowa. Katemera wa RTS,S, amene Malawi anayamba kupereka pa 23 Epulo 2019, Mchinji ali m'gulu la maboma 11 oyamba, amalimbana ndi kachilombo kasanalowe m'chiwindi. Mwana amalandira kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Chitetezo chake si chathunthu, choncho neti isachotsedwe.

Thupi la mwana likatentha, ayezedwe magazi pasanathe maola 24 kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi. Mankhwala a LA amapha tizilombo posayang'ana malaya, koma ayenera kumwedwa kasanu ndi kamodzi pamasiku atatu, ngakhale wodwala atayamba kusewera tsiku lachiwiri. Mwana akadwalanso patapita mwezi, makolo asataye mtima kapena kuloza chala mnansi. Abwerere naye kuchipatala tsiku lomwelo.