Ngongole idatha, dzina lidatsala m'buku

Alamu anga ndi mphunzitsi wa kupulayimale, munthu amene sapeza tulo ngakhale atangokongola mchere pa okala. Nthawi ina adatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti alipirire mwana fizi ya kusekondale. Ankawadula pa malipiro mwezi ndi mwezi mpaka idatha. Mwezi umene malipiro adabwera athunthu, mtima udakhala m'malo, nkhani n'kuiiwala. Kalata yotsimikiza kuti amaliza kubweza sadakatenge, ndipo mapepala a malipiro adangowaponya m'katoni ya mabuku akale.

Mu Okutobala 2023 nyumba yawo idafika pa lenta. Mitambo itayamba kusonkhana, adapita kubanki kukapempha ngongole ya malata ndi matabwa. Kalaliki adalowetsa nambala ya chiphaso chawo cha unzika mu kompyuta, n'kukhala duu, kenako adatsitsa mawu.

"Pepani aphunzitsi, pano pakuonetsa kuti muli ndi ngongole ina imene mudasiya kubweza."

"Ine? Ayi achimwene, onaninso bwino. Imene ija ndidamaliza kalekale."

"Mwina mudamalizadi, koma ife timatsata zimene zalembedwa."

Madzulo ake adandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Alamu, anditenga ngati wakuba." Chidawapweteka kwambiri n'chakuti dzina lawo lidakhala likudetsedwa kwa zaka iwo osadziwa kanthu.

Ambiri sitidziwa kuti m'dziko muno muli mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, monga Credit Data CRB, amene amagwira ntchito potsata lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010 ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi obwereketsa ena amatumiza kumeneko zimene mudakongola ndi mmene mukubwezera. Mukakapempha ngongole kwina, amayamba afufuza kumeneko asadakuyankheni. Cholinga chake n'chabwino, chifukwa wobweza mokhulupirika amadziwika. Koma olembawo ndi anthu, ndipo amaphonya. Ndalama imene mudapereka ikhoza kulowa pa akaunti ya wina. Ngongole yotha ikhoza kukhala yosatsekedwa. M'dziko lodzala a Banda ndi a Phiri, katundu wa mnzanu akhoza kusenzetsedwa inu.

Alamu adapita kukapempha lipoti la mbiri yawo, chiphaso chili m'manja, ndipo tidaliwerenga limodzi mzere ndi mzere. Dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso zidali zolondola. Cholakwika chidali pa ngongole ija: miyezi iwiri yomaliza idalembedwa kuti sadalipire. Usiku umenewo tidakhuthula katoni ija pamkeka, nyali ili pambali, mphemvu zikuthawa, mpaka tidapeza mapepala awiri oyezuka oonetsa kuti miyezi imeneyo adawadula ndithu.

Adalemba kalata yodandaula ku bungwe lidawakongozalo, ina ku bungwe losunga mbiri, n'kuphatikizapo mafotokope. Mapepala enieniwo adasunga okha, ndipo paliponse pamene adasiya kalata adapempha chidindo cha tsiku limene ailandira. Chidindocho n'chimene chidawathandiza atabwererako n'kuuzidwa kuti kalata siikuoneka. Osunga mbiri amafunsa kwa amene adatumiza cholakwikacho, choncho wokongozayo akamazengereza, zonse zimaima. Alamu adachita kunena kuti akadandaula ku Reserve Bank, kumene amalandiranso madandaulo otere, m'pamene zinthu zidayenda.

Dzina lidayera, koma nthawi idali itapita. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa malata udakwera. Mvula idapeza nyumba ili yosafolera, khoma la kuchipinda n'kung'aluka. Padatsala pang'ono kuti alowe m'manja mwa akatapila, koma akazi awo adawagwira dzanja.

Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu, koma pa nkhani iyi musadikire chisanu. Kapempheni lipoti lanu lero, pamene simukufuna ngongole, kuti ngati muli cholakwika mukhale ndi nthawi yochikonza. Mukamaliza kubweza ngongole iliyonse, musachoke opanda kalata yonena kuti mwamaliza, ndipo malisiti asungeni. Akakuuzani kuti akonza, katengeni lipoti lina mudzionere nokha. Abale amene ali ku Joni adziwenso kuti lamulo la kumeneko la National Credit Act limawapatsa lipoti laulere kamodzi pachaka.

Nyumba ya alamu idafoleredwa chaka chotsatira, pa mtengo woposa umene adawerengera poyamba. Kalata yomaliza ngongole pano amaisunga m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi mapepala a malo.