Phunziro la Zaumoyo: Kodi Malangizo Oyeza Khansa ya M'mawere Amachokera Kuti?

Namwino akakuuzani kuti mubwere adzakuyezeni mawere, dziwani kuti malangizowo sanangowaganiza yekha. Akatswiri amayamba aona zinthu zitatu asanawapereke.

1. Kuyerekeza magulu awiri

Ofufuza amagawa amayi ambiri m'magulu awiri mochita maere. Gulu limodzi limayezedwa, linalo ayi. Pakapita zaka, amawerenga amene amwalira ndi khansa m'gulu lililonse.

Kafukufuku wotere anachitika ku Shanghai, m'dziko la China, pa amayi oposa 260,000 ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Theka la iwo anaphunzitsidwa kudziyeza okha. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2002 zinaonetsa kuti imfa sizinachepe.

Ku Mumbai, m'dziko la India, ofufuza anatsatira amayi oposa 150,000 kwa zaka 20. Theka la iwo ankayezedwa ndi manja ndi azaumoyo ophunzitsidwa bwino. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti matenda ankapezeka msanga, ndipo mwa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zinachepa ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse.

2. Kuyeza ubwino ndi kuipa kwake

Makina a mamografiya, amene amajambula m'kati mwa bere, amapulumutsa miyoyo. Koma nthawi zina amaonetsa chotupa chosaopsa, mayi n'kuda nkhawa ndi kudulidwa kamnofu popanda chifukwa. Litayeza mbali zonse ziwiri, mu 2014 bungwe la WHO, limene kuno timalitcha OMS, linalangiza kuti m'mayiko okhala ndi zipatala zokwanira amayi a zaka 50 mpaka 69 azijambulidwa kamodzi pa zaka ziwiri.

3. Kuona zimene dziko lili nazo

Kupeza chotupa sikuthandiza ngati palibe kotsimikizira matenda ndi kolandira mankhwala. N'chifukwa chake kumene zipangizo n'zochepa, OMS imati choyamba n'kuthandiza msanga mayi amene waona chizindikiro. Mu 2021 bungweli linaika cholinga chakuti mayi wotere adziwe zotsatira zake pasanathe masiku 60. Kuno ku Mozambique, Unduna wa Zaumoyo unayamba mu 2009 ndondomeko yoyeza khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'mawere, ndipo mawere amayezedwa ndi manja.

Nanga ife a ku Maravia tichite chiyani?

Dziwani mmene mawere anu amakhalira, koma kudziyeza nokha kusalowe m'malo mwa kuonana ndi namwino. Mukaona chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere italowa m'kati, magazi akutuluka kunsongako, kapena khungu litachita timaenje ngati la lalanje, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Musadikire ululu, chifukwa khansa nthawi zambiri imayamba osapweteka. Zotupa zambiri si khansa, koma wodziwa ndi wachipatala.

Kaya mumapita ku Fingoé kapena mumaoloka malire kupita ku Zambia, sungani bwino mapepala anu. Akakutumizani kuchipatala chachikulu ku Tete, musazengereze. Abambo, aperekezeni amayi ndipo muwapezere ndalama yoyendera.