Kuthamanga ndi Mapu m'Manja: Akochi Ayankha Makalata Anu

WOULUTSA: Sabata yatha akochi anangotchulako pang'ono za orienteering, mpikisano wothamanga m'tchire mapu ndi kampasi zili m'manja, ndiye makalata achita kuunjikana, ambiri ochokera kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe.

KOCHI: Tiyeni tiyambepo, makalatawo ndi ambiri.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera ku Nsaru, kwa mnyamata wa Fomu 3. Akuti: "Pasukulu pathu palibe amandipitirira pa mtunda wa mamita 5,000. Kodi masewera mwanenawo ndingawapambane? Nanga amachitika bwanji?"

KOCHI: Mwana wanga, miyendo uli nayo ndipo ndakondwa, koma miyendo ndi theka chabe la ntchitoyi. Simunyamuka nonse pamodzi. Aliyense amanyamuka payekha, motalikirana mphindi ziwiri kapena zitatu, kuti wina asamangolondola mnzake. Mapu amakupatsa pa nthawi yonyamukayo, osati dzulo lake. Pamapupo pali chizindikiro cha ngodya zitatu, ndiye pamene waimapo. Kenako pali timabwalo tozungulira ta manambala, 1, 2, 3, mpaka kumapeto. Pakati pa kabwalo kalikonse pali chinthu chenicheni chimene chili kutchireko, mwina mwala, mwina dzenje, mwina pokumana timitsinje tiwiri, ndipo pamenepo apachikapo kambendera koyera ndi kaolenji. Ukafika umagunditsa kachipangizo kovala pachala, iko n'kulemba nthawi. Ukadumpha kambendera kamodzi kokha, ngakhale ufike woyamba, zako zada.

Njira yochokera pa kambendera aka kupita pa ako palibe amakusankhira, ndipo mtima wa masewerawa uli pamenepa. Tiyerekeze waima pa mjigo, kambendera kali pa chulu tsidya la dambo. Kudula pakati pa dambo ndi mamita 600, kuzungulira m'njira ya ngolo ndi mamita 900. Mu Seputembala dambo lauma gwaa, dula. Mu Febuluwale matope afika m'mawondo, wozungulira akupeza ukuzula nsapato. Zonsezi uyenera kuziganiza uku ukuthamanga, mpweya uli m'mwamba, ngati mmene amayi ako amapetera chimanga uku akucheza, osataya ndi njere imodzi yomwe.

WOULUTSA: Paja akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

KOCHI: Ananena zoona, komabe pano zimafunika zonse ziwiri. Mpikisano waufupi wa m'tauni opambana amaumaliza m'mphindi 12 mpaka 15, wapakati m'mphindi zopitirira pang'ono 30, wautali pafupifupi ola ndi theka, ndipo anthu ake amathamanga molapitsa. Masewerawa anayambira kwa asilikali a ku Sweden ndi Norway. Mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitikira ku Norway mu 1897, bungwe lake la dziko lonse, International Orienteering Federation, linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unali ku Finland mu 1966. Iwe wa ku Nsaru usasiye mamita 5,000 akowo. Uwonjezerepo ichi: kawiri pa sabata uzithamanga utagwira pepala lojambulidwa, chala chachikulu chili pamene wafika, ndipo ukakhota, pepalalo ulitembenuze kuti kumpoto kwa pepala kuloze kumpoto kwenikweni. Ana ambiri amasokera chifukwa cha ichi chokha, pepala laloza kwina, mwini wake kwina.

Ndikuchenjezenso za dzuwa. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino kuwonjezera mtunda. Mu Okutobala ndi Novembala uzituluka m'mamawa tambala akulira, ndipo madzi uzimwa usanamve ludzu. Mu Ogasiti 2025, pa masewera a World Games ku Chengdu m'dziko la China, katswiri wa ku Italy, Mattia Debertolis, anakomoka ali mkati mwa mpikisano kukutentha kwambiri, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Anali mnyamata wa zaka 29, wokonzekera bwino. Ukamva chizungulire kapena mutu kugunda, ima pamthunzi.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya aphunzitsi a ku pulayimale ina ku Kabudula. Akuti: "Ndikufunitsitsa kuyambitsa masewerawa, koma tilibe mapu, tilibe kampasi, ndalama tilibe. Komanso kuno ndi kwa see, kulibe nkhalango kapena mapiri. Ndiyambire pati?"

KOCHI: Aphunzitsi, kalata yanu yandikhudza kuposa onse, chifukwa masewerawa kwathu kuno sanazike mizu, ndipo ngati adzazike, adzayambira pa anthu ngati inu. Ana anu luso ali nalo kale. Mwana wa sitandade 5 amapita ndi mbuzi kudambo n'kubwerako madzulo osasokera, amadziwa kuti pa mtengo wa mango uja ndi pokhotera. Chimene sanaphunzire ndi kuona dera lomwelo lili papepala, ndi kuyenda kumalo kumene sanafikeko podalira pepala lokha.

Yambani ndi bwalo la sukulu. Tengani pepala, jambulani makalasi, zimbudzi, mjigo, magolo a mpira, nyumba za aphunzitsi ndi mtengo uliwonse waukulu, monga angazionere khwangwala ali m'mwamba. Muike sentimita imodzi kuimira mamita 10. Mitundu mutsate ya m'mapu a mpikisano kuti ana azolowere kuyambira pachiyambi: madzi ndi dambo buluu, poyera popanda mitengo chikasu, zitsamba zowirira zobiriwira, njira, nyumba ndi miyala zakuda, zitunda ndi maenje zofiirira ngati dothi. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti poyera mbee pamapu amenewa ndi pa nkhalango yothamangika bwino. Timbendera dulani ku matumba akale a feteleza. M'malo mwa kachipangizo ka pachala, pa kambendera kalikonse lembanipo chilembo chimodzi, mwana azichikopera papepala lake ngati umboni woti wafikapo.

Mtunda aphunzitseni kuyeza ndi mapazi. Yezani mamita 100 pabwalo la mpira, mwana aliyense athamange akuwerenga phazi lamanja lokha likaponda pansi, nambalayo aisunge pamtima. Akatswiri a ku Ulaya amachitanso chimodzimodzi m'nkhalango zowirira. Za kumpoto, poyamba dzuwa likukwanirani. Mu Juni ndi Julayi masana dzuwa limapendekera kumpoto, chithunzithunzi chanu chimaloza kummwera. Mu Disembala zimatembenuka. Kampasi imodzi ikadzapezeka, ikwanira kalasi yonse mosinthana.

Kwa see kumeneko musakuderere. Kumene kuli phiri munthu amangoyang'ana phirilo, koma kwanuko ayenera kusunga mbali ndi mtunda m'mutu, apo ayi zigafa za fodya ndi zulu zonse zimaoneka zofanana. Mwana wophunzirira kumeneko amakhala wosamala kwambiri. Mapu a boma a ku dipatimenti ya Surveys, aja a 1:50,000, sentimita imodzi ndi theka la kilomita, choncho chulu kapena chitsime cha padimba sizionekapo, pamene mapu a mpikisano wa m'nkhalango amakhala a 1:10,000 kapena 1:15,000. Mukadzafuna kujambula dera lalikulu, pa intaneti pali pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yotchedwa OpenOrienteering Mapper. Nkhalango yeniyeni ili ku Dzalanyama, ndipo kumeneko muyambe mwapempha chilolezo kwa a zankhalango.

Koma musanatulutse ana kunja kwa mpanda wa sukulu, kagwadeni kwa amfumu. M'dera lanulo mitengo yowirira imene yatsala nthawi zambiri ndi manda, ndipo kufupi ndi kumeneko kumakhala dambwe. Malo amenewo muwaike chizindikiro chofiira pamapu, ana adziwe kuti sikopondako, ngakhale njira yachidule itadutsa pomwepo. M'minda musalowe mbewu zili m'munda. Dikirani anthu akolole, ndipo ngakhale pamenepo achenjezeni ana za mizere, zitsa za chimanga ndi maenje a okumba mbewa, chifukwa akakolo amabinyira m'menemo.

WOULUTSA: Mayi ena a ku Mpingu akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 amakonda kuthamanga, koma anthu akuti adzauma thupi ndipo sadzabereka. Komanso ndikuopa kuti azipita yekha kutchire."

KOCHI: Mayi, zoti kuthamanga kumaletsa kubereka si zoona. Simone Niggli wa ku Switzerland anapata mendulo zagolide 23 pa mipikisano ya dziko lonse ya masewera omwewa, ndipo zina anazipata atabereka kale ana. Kwathu konkuno Catherine Chikwakwa anatenga mendulo yasiliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy mu 2004, ndipo Asimenye Simwaka waimira dziko lino ku Olimpiki ku Tokyo ndi ku Paris. Chofunika n'chakuti mwanayo azidya mokwanira: nsima, mbatata, nyemba, mtedza, usipa, bonongwe, chisoso. Akamafooka, kapena akasiya kusamba kwa miyezi ingapo, ndiye kuti ntchito yachuluka kuposa chakudya, mupite naye kuchipatala. Akadwala malungo amalize mankhwala ndi kupumula asanabwerere pabwalo.

Mantha anu achiwiriwo ndi oyenera. Asamapite yekha. Azithamanga awiriawiri kapena atatu, masana, aphunzitsi akudziwa kumene alowera ndi nthawi yobwerera.

WOULUTSA: Iyi yachokera ku Namitete, ndipo ndiiwerenga yonse. "Ndinadziwana ndi munthu wina pa WhatsApp. Akuti akhoza kunditengera ku mpikisano ku Ulaya ndikamutumizira ndalama ya fomu ndi pasipoti yanga. Makolo akufuna kugulitsa ng'ombe. Kodi othamanga enieni amayenda bwanji?"

KOCHI: Achimwene, ng'ombeyo ikhale m'khola, ndipo pasipoti musapatse munthu. Mwachita bwino kufunsa. Ku mpikisano wa dziko lonse munthu salembetsa yekha, ndiponso salembetsedwa ndi munthu wa pa foni. Amatumizidwa ndi bungwe la dziko lake limene lili membala wa bungwe lalikulu lija. Ilipo mipikisano ina yolowa aliyense, monga O-Ringen ku Sweden, umene unayamba mu 1965 ndipo umatenga masiku asanu a mpikisano mu Julayi, anthu zikwizikwi, ana ndi agogo omwe. Koma kumeneko umalembetsa kwa okonza mpikisanowo mwachindunji, ndipo ulendo umalipira wekha. Dzina la munthu wanuyo kalifunseni ku Malawi National Council of Sports kapena kwa mkulu wa zamasewera wa boma la Lilongwe. Akapanda kumudziwa, kaneneni kupolisi. Ozembetsa anthu amakonda nyambo ya masewera ndi ya ntchito, ndipo dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana nawo mu 2015.

Ulendo weniweni umayamba miyezi yambiri munthu asanakwere ndege. Sweden, Norway, Finland ndi Switzerland onse amafuna viza ya Schengen. Pamafunika kalata yokuitanani yochokera kwa okonza mpikisano, umboni wa kogona ndi wa ndalama, inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, ndi pasipoti imene idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu mutabwerako. Wosakwana zaka 18 amafunikanso chilolezo cha makolo. Ndege mumakwerera ku Lumbadzi, pa bwalo la Kamuzu, n'kukasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Nsapato zothamangira valani kumapazi, chikwama chikasochera mpikisano usakutayikeni.

Akatswiri amafika masiku angapo mpikisano usanayambe. Nkhalango ya mpikisanoyo imakhala yoletsedwa kulowamo kwa nthawi yaitali, wopezekamo amachotsedwa, choncho amakaphunzirira m'nkhalango ina yofanana nayo kuti azolowere miyala yake, zithaphwi zake ndi kajambulidwe ka mapu a kumeneko. Tsiku la mpikisano waukulu amawasonkhanitsa pamalo amodzi opanda foni, kuti amene wamaliza asawatsine khutu. Ku Sweden m'nkhalango salola miyendo yapamtunda, umavala buluku lofika m'mapazi. Dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse, ndipo mu Juni usiku sikuda kwenikweni, tulo timavuta. Mankhwala aliwonse, a chimfine kapena azitsamba, muyambe mwaonetsa dokotala, chifukwa ena ali pa mndandanda wa oletsedwa wa bungwe la WADA.

Ngati mtima uli pa masewerawa, khomo lapafupi ndi South Africa. Kumeneko bungwe lilipo, ndipo makalabu a ku Johannesburg ndi Cape Town amachititsa mipikisano yolowa aliyense. Ulendo wake ndi wa basi, kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Musanafike ngakhale kumeneko, kayeseni mphamvu zanu pa Porters' Race ku Mulanje, uja amayambira ku Likhubula n'kukwera phiri. Njira yake ndi yodziwika kale, mapu safunika, koma mudzadziwa ngati miyendo ya ku Namitete ikutha chitunda.

WOULUTSA: Yotsiriza, mwachidule akochi. Agogo ena a ku Nambuma, amene anali a sikauti kalekale, akuti mdzukulu wawo anawatumizira kampasi kuchokera ku England, koma singano yake imapendekeka n'kumakakamira. Akufunsa ngati yafa.

KOCHI: Siinafe, agogo. Mphamvu imene imakoka singanoyo siyenda mopingasa pokhapokha, imakokeranso pansi. Ku England imakokera pansi nsonga yoloza kumpoto, kuno imakokera pansi nsonga yoloza kummwera. Ndiye opanga amalemeretsa mbali imodzi ya singano molingana ndi kumene kampasiyo ikagulitsidwe. Ikabwera kuno, kulemera kuja ndi kukoka kwa kuno zimagwera mbali imodzi, singano n'kukhudza pansi. Muipendeketse pang'ono m'dzanja mpaka singano iyambe kuyendayenda momasuka, muisiye ikhazikike, ndipo muitalikitse ku foni, khasu ndi malata. Mdzukuluyo akadzafuna kutumizanso, apemphe yopangira kummwera kwa dziko lapansi, kapena ija yogwira ntchito kulikonse. Ndipo agogo, ngati mawondo akulola, sukulu imene muli nayo pafupi ikusowa munthu wodziwa kugwira kampasi. Kaonaneni ndi ahedi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. A ku Msundwe ndi a ku Kasiya, makalata anu tawasunga, tiyamba ndi amenewo sabata yamawa.